Zikwangwani za pa Kamwendo

Sukulu ndinalekeza mu Sitandade faifi,
chaka chimene fodya wa bambo anabwezedwa ku okushoni,
ndiye za mabuku akuluakulu musandifunse.
Changa ndi njinga ya kabaza,
khushoni yofiira, belu losasa mawu,
ndi kamtsikana ka zaka zitatu
kokhala pachitsulo cha kutsogolo
m'mawa uliwonse, ulendo wa ku sukulu ya mkaka.

Mkulu wake, Yotamu, ndinamulera ngati thumba la soya:
kukweza, kumanga ndi mphira, kutsitsa.
Mawu anga kwa iye anali atatu,
khala, leka, gona.
Lero aphunzitsi akamuloza
amawerenga zala zake za kumapazi,
ndipo amene anamuphunzitsa zii ameneyu ndikumudziwa.
Ndimamumeta ndevu Loweruka lililonse.

Kwa Ndaziona ndinamasula lilime.
Buku tilibe, inde,
koma msewu wopita ku boma walembedwa mbali zonse.
TIKUGULA SOYA NDI MTEDZA.
Ndimaponda pansi, ndikuloza:
uyu ndi S, wakhotakhota ngati Bua nthawi ya dzinja,
uyu ndi O, tayala lathu lomweli.
NGONGOLE MAWA.
«Ababa, matayala awiri! Njinga!»
Kenaka, titadutsa kale pachigayo:
«Nanga mawa lakelo ndi liti?»

Fanuwelo pasiteji amandiseka.
Akuti makasitomala akukwera kwa anzako
iwe uli pamsonkhano ndi khanda.
Sakunama. Ndalama zina zandipitadi pamphuno.
Koma iye sanafunsidwepo
kumene mphepo imagona usiku,
kapena chifukwa chimene ng'ombe za ngolo zilibe nsapato.
Ena ndimayankha. Ena ndimangoti,
sindidziwa mayi, iwe ukuti bwanji?
Ndiye kamayamba, osapuma, mpaka pageti.

Tsiku lina kanandichititsa manyazi.
Bambo wina wa jekete ataima chafufumimba pakhoma,
iko ndi mawu onse: «OSAKODZA PANO!»
Sikanawerenge ayi, kanangokumbukira.
Ndinapalasa ngati ndaba nkhuku.

Dzulo mayi ake anabwera ndi zitumbuwa
zokulungidwa m'chidutswa cha nyuzipepala.
Titadya ndinachiwongola pabondo,
mafuta atachisandutsa galasi,
nkhani yopanda mutu, yopanda mchira,
ya mlatho wina wokokoloka ndi madzi.
Ndinayamba kugoza liwu ndi liwu,
mwana ali pamwendo, chala chake pamwamba pa changa,
mpaka ndinakodwa pa liwu lalitali
ngati ndalowa mumchenga ndi katundu.

Pakhomo panamveka kakhosi, pansipansi:
«Ndi chitetezo, ababa.»
Yotamu. Sindinadziwe kuti amamvetsera.
Ndinamupatsa pepalalo.
Anawerenga mizere inayi, akunjenjemera,
mlongo wake akumuyang'ana kukamwa.

Anzanga, ine si mlangizi.
Ndangoona kuti mwana ali ngati tcheni cha njinga,
ukachisiya chouma chimachita dzimbiri mwakachetechete.
Dontho la mawu m'mawa, lina madzulo.
Thumba la feteleza lalembedwa, paketi ya mchere yalembedwa,
khadi la kusikelo nalonso.
Ngati zilembo zimakuthawani, simbani za mbuzi mwaiona panjira,
ndipo akafunsa, musati ndatopa.

Mawa ndinyamula onse awiri.
Wamkuluyo akhala kumbuyo, pamalo pa kasitomala,
ndipo ndili naye ngongole ya mafunso
ya zaka khumi.