Cholira Si Lamba

Malamba awiri ndagula chaka chino.
Woyamba anayamba kulira sabata yachitatu,
wachiwiri sanadikire n'komwe Lamulungu.
M'mawa ndikaliza injini pa Kamuzu Road
galimoto inkati tswiii! ngati nkhumba yomangidwa panjinga,
okwera n'kuyang'anana,
mayi wina mpaka anatsika ndi dengu lake,
ati sanabwere ku Salima kudzafera m'Sienta.

Ndinaphunzira kunyengerera ndi sopo.
Kachidutswa m'thumba la malaya,
kupaka pang'ono, phokoso n'kugona mpaka pa Kaphatenga,
pobwerera n'kudzuka lili ndi mkwiyo wa dzulo.

Tsiku lomwe nyali ya batire inayamba kuphethira
ndinakhotera kuseri kwa chigayo,
pansi pa mtengo wa nimu, kwa Asiyatu.
Sanandifunse zambiri.
Anapukuta manja pa ovololo, anati, "Lizani."
Anatola sikuludilaiva yaitali,
nsonga pabawuti, chigwiriro kukhutu,
natsinzina ngati mzamba womvetsera mwana m'mimba.
Pa olitaneta sanachedwe.
Pa pampu ya madzi sanachedwenso.
Koma pa kagudumu kena kobisala pansi,
komwe ine sindinakayang'anepo chigulireni galimoto,
anaima nthawi,
nsidze zikusonkhana.
"Zimitsani."

Asanavule lamba anajambula njira yake padothi ndi msomali,
kuno akwera, uku azungulira chagada,
kuti pobwezera asasokere.
Sipanala inakankha mkono wa tenshona,
mkonowo unapita osakana,
pobwerera unachita kukwawa.
Anazunguza kagudumu ndi chala chimodzi:
kolokoto-kolokoto, mchenga m'chitini.
Anakagwedeza, kanavomera mbali zonse ngati dzino la nkhalamba.
Girizi anauma kalekale, kunatsala dzimbiri lofiira.

"Onani m'mphepete mwa lamba wanuyu, wayamba ndevu.
Pamimba posalala ngati mbale.
Iyeyu akungolira, bambo.
Wodwala ndi uyu womukunga,
sipuling'i yake yatopa, ndipo salankhula.
Inu mwakhala mukumwetsa mankhwala wodzazonda."

Ndinafunsa za yakale, ya m'galimoto yogubuduzika
yomwe nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa galaja.
Anaseka. "Imeneyo inatopa kale ndi mavuto a mwini wake."
Tinaimbira ku Lilongwe.
Inabwera mawa lake masana pansi pa mpando wa kondakitala,
mtengo wake unandidyera ndalama za masiku asanu ndi limodzi.

Mabawuti awiri okha.
Asiyatu anawalowetsa ndi zala kaye, sipanala pambuyo,
anayang'ana chojambula chija, theka nkhuku zitapalasa,
nakoleka lamba mzere ndi mzere.
Mkono watsopano unakana, iye anaumirira ndi phewa,
unalola pang'ono, kenaka gwa! lamba anakungika ngati ng'oma.
Nditaliza ndinamva mbalame mumtengo wa nimu.

Kunyumba palibe anandimva ndikufika.
Ndinaima pabwalo, makiyi m'manja.
M'kati Tiyanjane ankalira, kulira kwake kuja kwa madzulo alionse
komwe ndimakuzimitsa ndi switi wa pagolosale.
Ndinapisa m'thumba: switi, ndi kasopo kaja.

Nangondo anali pakhonde, beseni la ufa wa mandasi pamiyendo,
manja ali m'menemo koma osakanda.
Ndiye amadzuka nkhuku zisanalire,
ndiye amadziwa tsiku la fizi, tsiku la mapiritsi a amayi anga,
ndiye amabwereka mchere osanditchula dzina.
Sindikumbuka tsiku lomwe ndinamumva akudandaula.
Sindikumbukanso tsiku lomwe ndinamufunsa.

Ndilibe sikuludilaiva yaitali choncho.
Ndinakhala pansi pambali pake, ndinasuntha beseni lija,
ndinazimitsa foni.
Mwana ankalirabe.
Ndinati, "Nangondo, tandiuzani,"
iye anandiyang'ana nthawi yaitali
ngati ndalankhula chinenero cha kutali.