Kusoka Mphepo

Anabwera Lachiwiri, chiperoni chitakuta Limbe yense,
atabereka chikwama chofufuma ngati cha munthu wosamuka.
Ine ndili pakhonde la sitolo, makina nditawafunditsa pulasitiki.
"A Namaona, mumasoka kaiti?"

Ndinaseka. Kaiti timapanga ndi jumbo ya shuga
ndi timitengo ta tsache,
ulusi wake wakuba kwa telala ngati ine ndemwe.
Koma Asiyatu atamasula chikwamacho
chinsalu chinayala khonde lonse mpaka kungalande,
chofiira ngati tomato wa ku Bvumbwe,
chopepuka ngati khoko la anyezi,
pakati pake pali bala lotalika ngati mkono wanga.

"Unang'amba ndi mtengo wa kokonati, chaka chatha."
Iye ndi namwino ku Kwinzi, wodi ya ana, amagwira usiku.
Tchuthi chake ndi masiku khumi ndi awiri:
atatu opita, atatu obwerera,
otsalawo ndi a mphepo, ngati ingafune.

Anandionetsa foni, timanambala m'timabokosi,
tobiriwira, tachikasu, tina tofiirira.
Akuti ku Zanzibar mphepo ya kusi imalimba Juni mpaka Seputembala,
imadzuka mochedwa, dzuwa litapendeka,
ndipo yabwino ndi yowomba chammbali.
Yochokera kumtunda ayi,
imeneyo imakunyamula n'kukakutula
kutali komwe kulibe wokumva.
Madzi akaphwa pamatsala mchenga ndi tizilombo taminga.
Akabwerera n'kulekeza m'chiuno, ndiye nthawi yake:
thabwa kumapazi, zingwe zinayi m'manja,
munthu n'kumatsetsereka pamadzi ngati simbi pa malaya.

Nyanja yamchere ine sindinaionepo.
Ndimadziwa mphepo ya ku Ndirande yosasula malata,
ndi kamvuluvulu wa Okutobala
wolanda madiresi azimayi a kaunjika.
Mphepo yoti munthu aisungire ndalama chaka chathunthu
n'kuilondola masiku atatu pa basi,
imeneyo inali yachilendo.

Singano ziwiri zinathyoka.
Yachitatu inamvera, ulusi wa nayiloni, msoko wokhotakhota,
chigamba kuno, chigamba kuseri.
Ndikupalasa makina, iye akulemba pa katoni yanga ya mabatani:
basi ya pa Wenela,
chipata cha Songwe,
Dar es Salaam, sitima yapamadzi,
chipinda chogona anayi,
khadi lachikasu la katemera.
Pa mashilingi anaima, n'kuluma cholembera.
Kubanki anamuuza kuti abwere mawa,
mawa lake ili ndi lachinayi.

"Nanga mukakafika, mphepo osabwera?"
"Ndikakhala pamchenga n'kumadikira.
Kudikira ndinaphunzira ku wodi, bambo,
uku sikungandipweteke."

Lamulungu tinakayesa pa Njamba.
Anachipopa ngati tayala la njinga,
ana a mpira anasiya chigoli n'kutizungulira.
Chinsalu chinagwedezeka, chinakana, kenaka vuu!
chinaima pamwamba pa mitengo ya bulugamu,
Asiyatu zidendene zikulima fumbi.
Onse ankaona kufiira kwake.
Ine maso anali pa msoko wanga basi,
kamzere kakang'ono kumwambako,
kakugwira.

Anandilipira osanenerera, chinthu chosowa ku Limbe.
Ananyamuka Lachinayi m'bandakucha.

Lero chiperoni chabweranso.
Ponyamula chikwama anandiuza kuti mphepo yonyowayi
kwawo ndi kunyanja yomweyo,
imangofika kuno itatopa ndi mapiri a ku Mozambiki.
Ndatulutsa dzanja kunja kwa khonde,
ndanyambita chala.
Mchere mulibe.

Pamakina pali buluku la yunifolomu,
lang'ambika pathako, mwini wake alifuna mawa m'mawa.
Ulusi wa nayiloni uja unatsalako pang'ono.
Ndausunga m'chitini cha mabatani,
sindinaugwiritse pa buluku.