Kiyi wa Munthu Wina

Sindinaombe mfuti ngakhale kamodzi.
Ndimayambira pamenepo kwa dokotala ku Leeuwarden,
iye n'kugwedeza mutu, n'kulemba.
Manja anga ngoyera, taonani.
Ntchito yanga inali yowerenga.

Ndinaima pachipata, chisoti chabuluu kumutu,
ndevu zisanamere n'komwe,
n'kumawerenga anthu pokwera mabasi:
amayi kuno, abambo uko.
Bambo wina wa jekete lothothoka mabatani
anandifumbatitsa kiyi.
Ananena mawu atatu m'chinenero chake,
ine n'kuvomera ndi mutu ngati ndamva.

Zaka makumi atatu kiyiyo wagona m'chitini cha tiyi.
Tjitske ankayesa ngwa shedi yathu yakale.
Usiku basi ya ku Sneek ikamalira pakona
milomo yanga imayamba yokha:
mmodzi, awiri, atatu.

Anandiveka mendulo.
Anati munalibe chochita, lamulo linachokera kwa akuluakulu.
N'zoona.
Koma chala cholozacho chinali changa.
Bala ili silituluka magazi,
limadya ngati chiswe mumtanda
denga likuoneka la bwinobwino.

Lachinayi timakonza njinga m'galaja ya tchalitchi,
amuna asanu, aliyense wobwerako kwinakwake.
Sitifunsana.
Ruurd amapopa matayala,
Jelmer sayankhula mpaka khofi atazizira.

Sabata yatha ndinaika kiyi uja pabenchi
pakati pa masipanala
n'kukhuthula zonse,
mpaka nambala imene ndinalekezera.
Zii.
Palibe anati si mlandu wako,
ndipo ndinawathokozera zimenezo chamumtima.
Ruurd anamutola, kumutembenuza pa kuwala.
Wa chitseko chamatabwa uyu, anatero, loko wamakedzana.
Anamupukuta ndi kasanza ka oyilo
mpaka mano ake anawala,
n'kundibwezera m'dzanja lomwe lija.

Sindinachire ayi.
Basi ya ku Sneek ikudutsabe.
Koma madzulo ano ndili patebulo la kukhitchini
ndi buku la chinenero chija,
ndikusaka mawu atatu
ndi khutu la mnyamata amene sanamvetsere.
Amodzi ndikuganiza ndawapeza.
Mwina ndi mwana. Mwina ndi mawa.

Mphepo ya kunyanja ikukankha zenera.
Tjitske wakoka mpando, wakhala,
wasuntha kiyi kuti aike makapu,
akuti: tanena tsono, Wiebe,
bamboyo anali wotani?