Anayi Kutsogolo, Awiri Pambuyo

Kuseri kwa shedi ku Moatize,
komwe fumbi la malasha limadetsa ndi mbuzi zomwe,
kwagona injini yofufutika nambala.
Bambo anga a Feniyasi ankaitcha Namatsimphina.

Werenga, ankatero, akugogoda ndi sipanala:
anayi ang'onoang'ono kutsogolo,
onunkhiza njanji ngati agalu a uzimba,
awiri akuluakulu, msinkhu wa munthu,
kenako basi.
Pansi pa ng'anjo palibe gudumu.
Zinzake zinali ndi miyendo yokwanira;
iyi yokha amisiri anaipanga ngati akufunsa funso.

Pachitunda, mame akagwa,
awiri aja ankangozungulira pamodzimodzi, akulira,
bambo n'kutsika ndi chitini cha mchenga wa mu Revubwe,
kuwaza panjanji ngati akufesa mawere
mpaka chitsulo chitaluma chitsulo chinzake.

Dzulo kunabwera anyamata a sikelo.
Akuti dzimbiri amagula pa kilo.
Ndawapempha ayambire ku chumuni,
magudumu awasiye kaye
mpaka Loweruka, mwana wanga Zefa adzawerenge.
Wangophunzira kumene kufika pa sikisi.