Masekondi Makumi Anayi

Ku Le Locle chipale chagona pamadenga,
kuwala kwa pazenera kwayera ngati mkaka.
Aurèle Matthey wakhoma mandala padiso,
chibwano chatsala pang'ono kukhudza thabwa,
mpweya waugwira.

M'mimba mwa wotchi ya chaka chimene iye anabadwa
kagudumu kakupita, kakubwera, kakupita,
osafika kulikonse.
Pakati pake kasipuling'i kowonda kuposa tsitsi la khanda
kakudzitambasula, kakudzipinda.

"Imathamanga," anatero mayi Huguenin Lolemba,
akuimasula m'kampango.
"Masekondi makumi anayi pa tsiku.
Inatengera mwini wake.
Malemuwo sanadikirepo khofi kuti azizire."

Aurèle atola kachopanira.
Akankha kamuvi kolamulira liwiro
mtunda wosaposa kunenepa kwa nsidze,
apotoza tisikuluwu tiwiri m'mphepete mwa gudumu,
kena uku, kena uko,
kuti kulemera kusakondere mbali.

Kenaka kudikira.
Akaigoneka chagada, inena zake.
Chafufumimba, isintha mawu.
Akaiimika cham'mbali, itsalira pang'ono:
nayonso wotchi ili ndi nthiti imene imagonera bwino.
Zonsezi alemba ndi pensulo
m'kabuku kothimbirira ndi mafuta.

Lachisanu mayi aja alowa, nsapato zili mbuu.
"Atsala atatu okha," atero Aurèle,
"mawa ndiwachotsa."
Mayi aiika kukhutu, atsinzina.
M'sitolo monse zii,
kupatula timitima tachitsulo pakhoma.

"Asiyeni atatuwo, bambo," atero potsiriza,
akumanga lamba padzanja.
"Ndinazolowera kuti azinditsogolera."