Kanthu Kakuda ka M'sikelo

Sikelo inafa Lachiwiri, chiperoni chili mbuu,
madengu makumi asanu ali ndandanda pa shedi,
masamba a tiyi atayamba kudzitenthera okha m'kati.
Ine Likoswe, kalaliki wa makilo,
ndinatsala ndi cholembera chopanda cholemba.

Anabwera Felesiya, mwana wa a Mukhiwa a ku Chitakale,
sukuludalaivala ili pakamwa.
Anatumbula sikelo pamimba
n'kundionetsa kanthu kakuda
kochepa kuposa chikhadabo changa.
Akuti chipu. Akuti chapsa.
China chibwera, koma musawerenge masiku.

Ndinati, kanthu aka?
Wosula makasu ku Nkando
amamaliza awiri dzuwa lisanapendeke.

Iye anapukuta manja pa ovolosi.
Akuti kamayamba ngati mchenga, a Likoswe,
kusungunulidwa, kuchekedwa timbale topyapyala,
kenako kuwala kumalembapo timisewu tosaoneka ndi maso.
Atsuka, awotcha, apala, alembanso,
nsanjika pamwamba pa nsanjika,
maulendo mazanamazana,
m'nyumba momwe kafumbi kamodzi ndi mlandu.
Miyezi itatu, mwina inayi.
Mutabzala chimanga tsiku loyambalo
mudzakazinga mondokwa iko kasanatuluke.

Koma chodabwitsa si chimenecho, anatero.
Masiku ambiri mwa amenewo palibe wokagwira.
Kamangokhala pa mzere
kudikira makina amalize anzake.

Ndinacheuka.
Mayi Namacha anali atakhala pa dengu lawo,
chigubu cha thobwa chatha,
kuthyola kwa m'mawa wonse kukufota pansi pawo.

Nanga amafupikitsa bwanji?

Akuti ochenjera sadikira bokosi lidzaze,
amatumiza pang'onopang'ono.
Amafunafuna khomo lomwe aliyense amapanikizana
n'kuboola lina pambali pake.
Makina amawadzoza asanalire.
Ndipo salowetsa zambiri kuposa zomwe khomo lingameze,
ngakhale bwana atakalipa.

Ndinakhala chete.
Zaka khumi ndi zinayi thirakitala yathu
yakhala ikuima mpaka ngolo isefuke,
masamba a pansi akuda,
ine n'kumalemba kuti vuto ndi mvula.

Ndinapita ku sitolo ya zida,
ndinakumba sikelo yakale ya mbedza pansi pa matumba a feteleza,
dzimbiri lokhalokha, koma muvi ukuyenda.
Tinaipachika pa mtanda wa shedi.
Dalaivala ndinamuuza anyamuke ngolo ili theka.
Anandiyang'ana ngati ndamwa kachasu,
koma ananyamuka.

Lero ndi sabata yachisanu ndi chimodzi.
Phiri latuluka m'mitambo kawiri kokha.
Felesiya akadutsa pa njinga amangopukusa mutu.
Kwinakwake kutsidya kwa nyanja zamchere
kanthu kanga kali pa mzere,
sikanapatsidwe ngakhale nambala ya dengu,
ndipo palibe kalaliki woti akauze
kuti pepa, khala pansi,
tikufika kwa iwe.