Matope a Mukuvisi

Lachiwiri m'mamawa, kunsi kwa mlatho wa ku Mbare,
ndikutapa matope ndi supuni
ngati mwana woba shuga.

Mayi Nyamasoka, akuthirira repu ndi ndowa yodontha,
andifunsa ngati ndataya ndalama.
Ayi mayi, ndikufuna mboni.

Mbonizo n'tizilombo tosaoneka ndi maso,
tochuluka m'supuni imodzi kuposa anthu a m'Harare muno,
tonyambita tsamba lakugwa
mpaka lisanduke chakudya cha mbewu.
Malovu a timeneti ndiwo ndimayeza.

Ku labu ndithira mankhwala m'timabotolo,
ndidikira kuche.
Dothi lamoyo limafiira.
La ku Cleveland, kobadwira mtsinje, lati psuu ngati phwetekere.
La kumunsi kwa mafakitale
langoti mbuu,
milomo ya wodwala.

Madzi ngabodza: atsikira ku Chivero usiku,
mawa atulukira pampopi atasamba.
Dothi silisamuka.
Limasunga mlandu.

Ndalemba manambala, abwana asayina,
fayilo yalowa m'kabati.

Madzulo mayi aja anandiika nyenga,
masamba anayi pamwamba pa mpukutu.
Ndinalandira ndi manja awiri.
Sindinawauze.